Mbereko ya Nkhanga Zachikasu

Mudzi wa Chimwaye,
Kwa Kaluluma,
Kasungu.
9 Novembala, 2011.

Okondedwa akulu anga a Feliya,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe, inu ndi alamu anga ndi miyendo yawo yotupa ija? Ine kuno ndilipo, dzuwa ndi limene likutiwamba ngati mbewa. Anthu akuthirira nazale za fodya m'madambo, maso ali kumwamba, makutu ali ku makuponi a fetereza. Mukaona zilembo zanga zikupendama ngati chigafa chodyedwa ndi chiswe musaseke, mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 3. Kalata iyi sindikanatha kulembetsa munthu wina, muli mawu amene sanatulukepo m'kamwa mwanga.

Phukusi lanu linafika bwino ndi mayi wa geni ya zitenje uja. Shawelo yoyera, tizipewa tiwiri ndi sopo, zonse ndaziona. Munalemba kuti, "Ukapereke kwa mwana wa Feggie pamodzi ndi mphatso yako, poti zakhali amene ali pafupi ndi iwe." Kulamula mumatha, chikhalireni kuyambira tili ana. Tsono ndikuuzeni zoona: sabata ziwiri zatha, phukusi lili m'sutikesi pansi pa bedi. Sindinapite.

Kwa inu n'zosavuta. Kwa inu Feggie ndi mwana wa malemu mlongo wathu Esau, basi. Kwa ine Feggie ndi mkazi amene anakwatiwa ndi a Amosi, mwamuna wa malemu mwana wanga Lusiya. Mwana wabadwayu ndi mdzukulu wa mlongo wanga, inde, magazi athu. Komanso ndi mwana amene Lusiya anamufuna zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumufera.

Loweruka lapitali a Amosi anabwera okha. Chichokereni pano zaka zinayi zapitazo anali asanapondepo. Ndinali kusenda mtedza wa mbewu pakhonde. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, njinga yomwe ija, n'kukanjuta kuseri kwa nkhokwe, chipewa pabondo, nkhope atayang'ana kumbali monga achitira mkamwini woleredwa.

"Odi, amayi."

"Amayi anu ali kwanu. Pano pali nkhalamba ikusenda mtedza."

"Kwathu kwafika mlendo, wamkazi. Mchombo wagwa dzana. Tati azakhali abwere adzamutulutse m'chikuta, adzamutche dzina."

"Mayina atha kwanuko? Mutcheni Fetereza, poti ndi amene mumamukonda."

Akulu anga, mawuwo atatuluka ndinamva ngati ndameza khala la moto. Iwo anapukuta chipewa chimene chinalibe fumbi, n'kunena kuti, "Tidikira, amayi. Mwana sathawa." Anakankha njinga mpaka kumsewu, osaikwera, ngati munthu wochoka pamaliro.

Tsopano khalani pansi, muuze alamu atseke wailesi. Pa maliro a Lusiya inu munafika titaika kale, ndipo munamva zimene mudzi wonse umadziwa: kuti a Amosi anasiya mkazi ali pafupi kuchira, n'kutenga njinga kukathamangira fetereza. Ndinakuuzani ndine. Linali bodza, kapena ndinene kuti chinali choona chodulidwa mutu.

Ndiyambire pa nsalu. Mukukumbukira mmene akazi a pamjigo ankamudyera miseche Lusiya. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pabanja, kumsana kuli mbee. Wina anafika pondifunsa kuti, "Anaphiri, kodi mwana wanu uja anakwatiwa kapena akungosunga mlendo?" Ndiye mimba itaoneka, ine mutu unazungulira. Ili ndi miyezi isanu yokha ndinagulitsa mtedza, n'kupita pa msika wa Nkhamenya kukagula chitenje cholimba, chobiriwira, chokhala ndi nkhanga zachikasu. Ndikanangochibisa bwenzi zili bwino. Koma ine ndinadzera nacho pamjigo, n'kuchitambasula pamaso pa onse. "Mbereko ya mdzukulu wanga iyi. Amene maso akumuwawa akatsuke ndi tsabola." Mayi wina wachikulire anati, "Ezelina, sagula mbereko mwana asanabadwe." Ine ndinati, "Miyambi yanuyo kaphikeni mudye." Nditafika kunyumba, Lusiya anangoiona n'kugwira pamimba. "Amayi, bisani, mukundiopsa." Ndinamuseka.

Tsiku lake linali Lachiwiri, mwezi ngati uno, 2007. Kunamveka kuti lole ya fetereza wa makuponi yafika pa depoti, ndipo wochedwa akapeza fumbi. Makuponi anali anga, a munda wanga, koma miyendo yokaima pamzere usana wonse ndinalibe. Njinga pakhomo inali imodzi, ya a Amosi. M'mawa umenewo Lusiya anadzuka akugwira msana. A Amosi anali atamanga kale pilo pa kaliyala, ati amutengere kuchipatala akadikirire komweko. Ine ndinaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno.

"Inu a Amosi, mwaberekapo kangati? Ine ndabereka asanu ndi awiri. Msana umenewu ndi mwana akutembenuka, kudakali sabata yathunthu. Mvula ikagwa tidzathira chiyani m'munda, malovu? Kapena pamudzi pano munabwerera kudya kokha?"

Mkamwini wokhala pamudzi pa eni, mpongozi amuuze mawu otere, atani? Anayang'ana mkazi wake. Lusiya anati, "Pitani, amayi akudziwa." A Amosi anamasula pilo, n'kumanga malegeni omangira matumba.

Dzuwa lisanafike pamutu matenda anayamba. Mwana anatsogoza mwendo. Tinalimbana naye ine ndi azamba mpaka mithunzi itatalika, ndipo anatuluka ali chete, mnyamata, tsitsi lodzaza mutu. Magazi osaleka. Tinatuma munthu kudepoti, koma fetereza anali atatha ndipo anthu, ndi a Amosi omwe, anali atathamangira depoti ina. Ng'ombe za ngolo zinali kudambo. Kuzipeza, kuzikusa, kuzimanga m'goli, nthawi ikupita. Titafika pa mlatho wa matabwa uja, msewu wa tala tikuuona uko, Lusiya anandigwira chala n'kunena kuti, "Amayi, a Amosi akabwera musawakalipire." Mawu ake omaliza ndi amenewo. Sindinauzepo munthu.

Mwanayo tinakamutaya akazi okhaokha m'mawa mwake, m'kadzenje kosaya, popanda kulira, monga mwa mwambo wa nthayo. Ndinatsegula sutikesi kuti ndimukulunge m'nsalu yake ya nkhanga. Koma akazi a pamjigo aja anali pakhomo, ndipo manyazi anandigwira dzanja. Ndinamukulunga m'chitenje chakale chong'ambika m'mbali. Ngakhale nsalu yake yomwe ndinamumana.

A Amosi anafika masana a Lachitatu, matumba awiri ali pa kaliyala, la fetereza wa chitowe ndi la yureya, akuliza belu kuyambira kumsewu kuti tidziwe kuti apambana. Belu linalekera pa mtengo wa mango ataona amuna atakhala pamithunzi. Ine ndinatuluka m'siwa. Anthu onse anali kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti funso likubwera lakuti njinga inali kuti. Ndinalithamangira lisanafike. Ndinamuloza chala mkamwini wanga, n'kumutchula kuti iwe, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. "Iwe! Wasinthanitsa mwana wanga ndi matumba! Dya fetereza wakoyo!" Anagwa pansi njinga ikumugwera. Sananene kuti ndinamutuma ndine. Pomusudzula pamaso pa ankhoswe sananene. Mpaka lero sananene.

Fetereza uja ndinathira. Ndikanatani, mvula inagwa. Chimanga chinabereka chaka chimenecho ngati chikundinyoza, ziwiriziwiri paphesi, ndipo ndinadya mpaka chinatha.

Ndiye mukati ndipereke mphatso, ndipereke chiyani? Nkhuku zinatha ndi chitopa. Beseni ndi sopo ndingathe kugula, koma imeneyo ndi mphatso ya mayi wa kumpingo, si ya zakhali wotcha dzina. Wotcha dzina amabwera ndi mbereko, ndipo mbereko ndili nayo. Ili pansi pa phukusi lanu, yatsopano, mapindo ake sanafufutike. Chaka chilichonse ndimaitulutsa kuti njenjete zisadye, ndimawerenga nkhanga zija, n'kuibweza.

Mtima wina ukuti, iwe Ezelina, ukufuna kukaveka mwana wa eni nsalu imene inadya anthu awiri? Akangotsokomola adzati nkhalamba ija yabweretsa tsoka lake. Mtima wina ukuti nsalu ilibe mano, mano ali m'kamwa mwako. Wina ukuti ukapereka, Lusiya watsala ndi chiyani m'nyumba muno? Mbale zake zinagawidwa, madiresi anatenga abale, chigafa chimene anamanga ndi mwamuna wake chinagwa. Chatsala n'chimene sanachigwiritse ntchito. Koma chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti a Amosi nsaluyi akuidziwa. Sindingawapatsire ndi dzanja ili pamene pakamwa pakusunga bodza lija. Ndikapita ndi nsalu, ndipita ndi mawu. Ndikasiya mawu, ndisiyenso nsalu, ndikhale pano ngati chitsa, mwana akule akundidziwa kuti ndi gogo wolusa wa kutsidya kwa dambo.

Pensulo yafupika, ndikaisongole.

21 Novembala.

Kalata ija sindinatumize. Ndinati nditumize, ndidikire yankho lanu, kenaka ndinazindikira kuti yankho lochokera ku Kitwe lidzapeza mwana akukwawa. Ndipo ndikudziwa kale chimene mukanalemba: "Ezelina, siya mwano, nyamuka." Ndinanyamuka Lachinayi.

Mbereko ndinaichapa kaye kuti ichoke fungo la sutikesi, koma ndinaiyanika m'nyumba, osati pabwalo. Phunziro lija ndinaliphunzira mochedwa. Ndinaikulunga pamodzi ndi phukusi lanu, n'kuwoloka dambo kupita kwa amake Feggie, kumene Feggie ndi a Amosi akukhala. Ndinabwerera kawiri panjira. Kachiwiri ndinafika mpaka pa nazale za anthu, mayi wina wothirira n'kundifunsa kuti, "Agogo, mwataya chiyani?" Ndinati, "Nzeru. Ukazitola usunge, kwanu kulibe."

Ndinapeza amake Feggie, alamu athu, akupeta pabwalo ndi amayi ena atatu. A Amosi anali kusoka udzu wa chigafa chapafupi. Feggie anaima pa chitseko ndi mwana, akumwetulira ngati Esau, mpata wa mano womwe uja.

"Azakhali! Ndinawauza ine kuti mubwera. Mwana wakhala m'nyumba mpaka wayera ngati mzungu, kudikira inu."

Anandiika mwana m'manja ndisanakhale n'kukhala komwe. Akulu anga, kulemera kwake! Kamwana konenepa, kofunda, kakununkhira mkaka. Anali atamukulunga m'chitenje cha amake chakale. Ndinati, "Kodi fodya wa chaka chatha munagulitsa kuti mugule mphepo? Mwana alibe nsalu yakeyake?"

Feggie anaseka. "Afunseni eni akewo. Chiyambire mimba anakana kugula ngakhale thewera limodzi. Kuchipatala ananditengera kudakali mwezi wathunthu, anamwino mpaka kundiseka kuti ndabwera kudzalima. Mwana atabadwa agula zonse, koma mbereko ayi. Akuti mbereko ibwera ndi azakhali."

Ndinapereka phukusi lanu, anthu n'kululutira. Kenaka ndinatulutsa nsalu ija. A Amosi ataona nkhanga zija anasiya udzu, n'kukhala pansi pomwepo padothi. Mmodzi wa amayi aja, amene analipo pamjigo tsiku lija, anagwira pakamwa.

Ndinati, "Musalulute. Nsalu iyi ili ndi mawu ake, mumve kaye, kenaka muone ngati muilandire." Ndipo ndinanena zonse zimene ndakulemberani pamwambapa. Za pilo pa kaliyala, za sabata imene ndinalonjeza, za mawu a pa mlatho. A Amosi anayesa kundidula. "Amayi, zinapita zimenezo, zisiyeni." Ndinati, "Khalani chete, bambo. Munakhala chete zaka zinayi pamene munayenera kulankhula, lero khalani chete pamene ndikukupemphani." Nditafika pa mawu a Lusiya akuti musawakalipire, bambo uja anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Sankadziwa kuti mkazi wake anapita akumutchula.

Ine ndinkaganiza kuti woopsa ndi a Amosi. Ndinaiwala Feggie. Kumwetulira kunali kutachoka. Anafunsa mwamuna wake kuti, "N'zoona?" Iwo anangogwedeza mutu. Ndiye anatembenukira kwa ine, mawu ali pansipansi, ndipo bola akanakuwa.

"Azakhali, mukudziwa zimene ndamva ine chikwatiwire? Amayi anga omwe awa anakana kudya pa chinkhoswe changa, ati ukukwatiwa ndi munthu wokonda matumba kuposa mkazi. Ndili ndi pakati, akazi kumjigo ankandiuza kuti, samala Feggie, mwezi wako wagundana ndi makuponi. Bambo awa sapita kumzere wa fetereza, amatuma ine, chifukwa akafika anthu amatsinana. Ine ndinkawakhululukira mumtima tsiku ndi tsiku pa mlandu umene sanapalamule. Inu muli chete tsidya ilo, mukudya chimanga."

Ine Ezelina, amene sindinagonjepo pa mkangano chibadwire, tsiku limenelo ndinagonja. Feggie anatambasula manja, n'kutenga mwana wake m'manja mwanga, pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanamenyetse. M'manja mwanga munatsala kufunda kokha.

Nsalu ndinaisiya pamphasa. Palibe anaitola, palibe anandibwezera. A Amosi anandiperekeza mpaka padambo, ali kumbuyo mapazi khumi monga kale. Posiyana anati, "Amayi, mtima wake ndi wa abambo ake, umawira msanga. Mupatseni nthawi." Ndinati, "Inu bwanji simunanene?" Anati, "Munali mutataya mwana. Ndikanakulandaninso mudzi?"

Dzina sindinatche. Ndinalimva Loweruka pamjigo ngati munthu wodutsa, kuti amake a Amosi anabwera kuchokera ku Kapelula, anamutulutsa mwana m'chikuta, n'kumutcha Jenala. Ndi dzina labwino. Ine ndinali nditakonza langa panjira, koma limenelo ndipita nalo kumanda. Pamjigo tsopano ndikafika nkhani zimaduka. Akundipatsa mpata wotunga msanga, osati chifukwa cha ulemu.

Dzulo ndinapita kutchalitchi, chifukwa ndikanajomba akanati manyazi amupha, ndipo sindifuna kuwapatsa chimwemwe chimenecho. Ndinakhala kumbuyo. Nyimbo yoyamba ili mkati, Feggie analowa, koyamba chichirireni. Anadutsa pafupi nane, mpaka chitenje chake chinandikhudza bondo. Sanandiyang'ane. Anakakhala mabenchi awiri patsogolo panga. Kumsana kwake kunali nkhanga zachikasu.

Akulu anga, zimene abusa analalikira musandifunse. Ine ndinali kuyang'ana kamutu kovala chipewa chanu katatsamira pa nsalu ija, ndi kaphazi kamodzi katatulukira pansi pa nkhanga, kakugwedera. Zaka zinayi ndakhala ndikuwerenga nkhanga zimenezo zili zopinda m'sutikesi, sindinadziwe kuti zikamangidwa pa mwana wamoyo zimayenda akamapuma. Misozi imene anatiletsa tsiku lotaya mnyamata uja inabwera yonse. Mayi wa pambali panga ankaganiza kuti ulaliki wandigwira.

Potuluka ndinaima pakhomo. Feggie anapatsa moni onse, wa kumanja kwanga ndi wa kumanzere kwanga, n'kudutsa. Nsalu yalandiridwa, ine ayi. Sindikudandaula, ndi muyezo womwe ndinayezera mnzanga, ndipo wake ndi wa masiku anayi okha pamene wanga unali wa zaka zinayi.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Mukamalembera Feggie musandipepesere, musamuuze kuti akhululuke. Mungomufunsa za mwana, ndipo zimene akuyankheni, kaya wayamba kuseka, kaya wamera dzino, mundilembere. Ndizimvera ku Kitwe za mwana wa kutsidya kwa dambo. Chachiwiri, inunso munawanyoza a Amosi pa maliro paja chifukwa cha mawu anga. Muwalembere mzere umodzi.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze asiye mchere. Moni kwa ana ndi adzukulu nonse, amene ndimawadziwa ndi amene ndinangowamva. A Amosi akupereka moni, anachita kunditsatira panja pa tchalitchi kuti ndisaiwale. Amake Feggie akuti zikomo chifukwa cha shawelo. Feggie sanandipatse moni woti ndikupatsireni, ndipo sindinama m'malo mwake, mabodza ndasiya. Jenala sanayambe kulankhula, koma ali bwino, ndamuona ndi maso anga, akupuma.

Makuponi a chaka chino alemba, dzina langa lilipo. Kumzere ndipita ndekha.

Ndine mng'ono wanu wa pakamwa paja,
Ezelina Naphiri,
amake Lusiya.